Snapseed kapena GIMP pokonza chithunzi cha ntchito ya kusukulu

Mwajambula amayi ogulitsa tomato ku Soweto Market mumzinda wa Lusaka dzuwa lili paliwombo, nkhope yada ndi mthunzi wa ambulera. Mukonza ndi chiyani?

Snapseed ndi pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi, ndipo imagwira pafoni. Ndi chida cha Selective mumangokhudza pankhope n'kuwalitsa pomwepo, tomato n'kutsala wofiira mmene analili. Mutha kumaliza muli m'minibasi yopita kuyunivesite ya UNZA. Koma chonde, makwinya a amayiwo musawafufute ndi chida cha Healing, chithunzichi n'cha nkhani.

GIMP nayonso simulipira, koma imafuna kompyuta ndi kudekha. Ubwino wake ndi ma layer, zigawo zosanjikizana za chithunzi: kuwala pakepake, mawu a mutu pakepake, mukalakwitsa mumachotsa chimodzi chokhacho. Ngati aphunzitsi akufuna chithunzicho chisindikizidwe papepala lalikulu, ine ndingasankhe GIMP, ngakhale imadya nthawi.