Mapemphero a banja kwa Ahindu: Shiva ndi Parvati kapena Lakshmi ndi Narayana?

Mhindu wofuna mtendere m'banja kawirikawiri amathamangira kwa mulungu Shiva ndi mkazi wake Parvati. Amabwereza pemphero lakuti "Om Namah Shivaya" ka 108, akuwerengera pa mikanda ya njere za mtengo wa rudraksha, makamaka Lolemba. Ena amawonjezapo kusala kudya Lolemba lililonse kwa masabata 16. Imeneyi ndi njira yolemetsa, ndipo woiyamba mwaphuma amalekera panjira.

Ya Lakshmi ndi mwamuna wake Narayana (mulungu Vishnu) ndi yopepukirapo: "Om Namo Narayanaya" pa mikanda yosemedwa kuchokera ku chomera cha tulsi. Imayenera banja lokangana pa ndalama, poti Lakshmi ndiye mulungu wamkazi wa chuma.

Konseku mkanda umakokedwa ndi chala chachikulu utatsamira pa chapakati, chamkombaphala sichiukhudza. Mukafika pa mkanda wotsekera, wotchedwa meru, musaudumphe. Tembenuzani chingwe, mubwerere kumene mwachokera.