Gridi yothina, oda yapamwamba kapena SPECFEM3D: iti imachotsa mafunde onama?

Aliyense amene wayeserapo mafunde a chivomezi pa kompyuta amakadziwa kamchira konjenjemera kamene kamatsalira kumbuyo kwa funde lalikulu pa seismogram (chojambula cha kugwedezeka kwa nthaka), ngakhale m'nthaka mulibe chochititsa. Vutoli limatchedwa numerical dispersion, ndipo gwero lake ndi kuduladula malo ndi nthawi m'tizigawo: gridi, ndiye kuti ukonde wa mfundo zimene kompyuta imawerengerapo, imachedwetsa mafunde afupiafupi, pamene masitepe a nthawi amawafulumizitsa.

Ambiri amathamangira kuthinitsa gridi. Zimathandiza ndithu, koma mukachepetsa ndi theka mpata wa pakati pa mfundo mu 3D, memory yofunika imachuluka ka 8, ndipo popeza lamulo la CFL, limene limaletsa funde kulumpha mpata woposa umodzi pa sitepe imodzi, limakakamiza kufupikitsanso sitepe ya nthawi, ntchito imatalika ka 16. Ya maola 3 imasanduka ya masiku awiri, ndipo kuno ku Lusaka magetsi akazima pakati pake, amene sanasunge checkpoint (fayilo ya pamene ntchito yafika) amayambanso pachiyambi.

Ine ndimakonda kukweza oda, ndiye kuti kugwiritsa ntchito mfundo zoyandikana zambiri pa kuwerengera kulikonse kuti yankho lilondole. Alford, Kelly ndi Boore anasonyeza mu 1974 kuti oda yachiwiri imafuna mfundo pafupifupi 10 pa utali wa funde limodzi, pamene yachinayi, imene Levander anagwiritsa ntchito pa staggered grid (gridi ya mfundo zosinthana malo ndi theka la mpata) mu 1988, imakwanira ndi 5. Funde la S (logwedeza nthaka chopingasa njira yake) loyenda mamita 500 pa sekondi pa 5 Hz ndi lalitali mamita 100, choncho mpata umachoka pa mamita 10 kufika pa 20. Cholakwika chochokera ku masitepe a nthawi chimatsala, koma sichidalira miyala imene funde ladutsamo, motero chimachotseka posintha gwero la funde ntchito isanayambe ndi kukonza seismogram itatha, monga anafotokozera Stork mu 2013 ndi Koene ndi anzake mu 2018. Mtengo wake ndi wochepa zedi.

Pamene oda yapamwamba imagwa mphwayi ndi pamalire akuthwa, monga dothi lofewa lokhala pamwamba pa mwala wolimba wa dolomite wa ku Lusaka, chifukwa gridi imajambula malire opendekeka ngati masitepe a nyumba, ndipo sitepe iliyonse imamwaza timafunde tabodza. Apa mpamene pulogalamu ya SPECFEM3D, yochokera pa njira ya spectral element ya Komatitsch ndi Tromp ya 1999, imapambana, pakuti mesh yake, ukonde wa tizigawo totha kupindika, imatsata maonekedwe a nthaka. Koma kumanga mesh yabwino kumadya masabata, ndipo kachigawo kamodzi kakang'onong'ono kamafupikitsa sitepe ya ntchito yonse. Ndingaisankhe pa malo a zigwembe ngati ku Kariba, kumene kunachitika zivomezi zamphamvu mu 1963 nyanja itadzaza. Pa miyala yoyalana bwino, oda yachinayi ndi kukonza nthawi zimandikwanira.