ClamAV kapena ESET pa kompyuta ya Linux?

Anthu ambiri ogwiritsa ntchito Linux amati safunikira antivayirasi chifukwa mavayirasi ochuluka amapangidwira Windows. Mfundoyi ili ndi zoona zake, koma fayilo yoipa ikhoza kukhala phee mu Ubuntu yanu (mtundu wina wa Linux), kenako n'kukafika kwa mnzanu wa Windows kudzera pa imelo kapena flash.

ClamAV ndi yaulere, ndipo aliyense akhoza kuona khodi yake. Pano ili m'manja mwa Cisco, yomwe mu 2013 inagula Sourcefire, kampani imene inali mwini wake wa ClamAV. Mumalemba lamulo lakuti freshclam kuti itsitse mndandanda watsopano wa mavayirasi, kenako clamscan kuti ifufuze foda imene mwasankha. Pa seva ya imelo ndi pamene imaonetsa mphamvu zake, posefa mafayilo obwera ndi makalata. Koma musaganize kuti mukangoiika yayamba kulondera yokha. Muyenera kukonza clamd ndi clamonacc, zigawo za ClamAV zimene zimagwira ntchito yolonderayo, ndipo clamd imadya RAM (memori ya kompyuta) yopitirira gigabayiti imodzi. Pa laputopu yakale mudzazimva ndithu, chilichonse chimayamba kutseguka mokoka miyendo.

ESET Endpoint Antivirus for Linux ndi yolipira, ndipo inapangidwira makampani. Imayang'ana fayilo pa nthawi imene ikutsegulidwa, ndipo woyang'anira makompyuta ambiri amawaona onse pamalo amodzi kudzera mu ESET PROTECT. Khodi yake ndi yobisika, zomwe sizisangalatsa okonda mapulogalamu otseguka.

Pa kompyuta yanga ndimasankha ClamAV, ndipo ndimafufuza flash iliyonse yachilendo ndisanaitsegule. Ofesi yokhala ndi makompyuta makumi angapo ingachite bwino kulipira ESET.