Sukulu yathu ya pulayimale ku Chikwawa: ana ochuluka mu Sitandade 1, ochepa mu Sitandade 8

Makolo anzanga akhala akundifunsa ngati sukulu ya boma imene ana anga amaphunzirako, kuno ku Chikwawa, ndi yoyenera kulembetsako mwana wa zaka 6. Yankho langa ndi lakuti ndi yoyenera ndithu, chifukwa aphunzitsi ake ndi olimbikira ntchito, koma kholo lidziwiretu kuti zaka zitatu zoyambirira mwana amaphunzira m'khamu la anzake, ndipo m'zaka zimenezi ndi mmene ana ambiri amatayikira.

Vutoli si lachilendo. Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana a sukulu m'dziko muno anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo zipinda zophunziriramo sizinakwanirepo. Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma pasukulu yathu Sitandade 1 imapitirira ana 100 sukulu ikangotsegulidwa mu Seputembala. Anawo amakhala pansi mothithikana, kope lili pabondo, moti mphunzitsi sangathe kudutsa pakati pawo kuti akaone mmene mwana wa kumbuyo wagwirira pensulo. Kuitana mayina kokha kumadya nthawi ya phunziro loyamba. Gulu lina limaphunzirira pansi pa mtengo wa nimu, bolodi litayedzamira pathunthu, ndipo mu Okutobala, pamene malata amatentha ngati chiwaya, a panjawo ndiwo amakhala pabwinoko. Ndimawamvera chisoni makamaka ana amene kwawo amalankhula Chisena, chifukwa buku lowerenga ndi la Chichewa, ndipo m'phokoso lotere mwana wamanyazi amatha chaka chonse osafunsidwa funso ngakhale limodzi.

Pa zimene sukulu ingathe kuchita payokha, ndikuyamikira kwambiri. A hedi anagawa makalasi aang'ono kuti ena azilowa m'mawa, ena chakumasana, ndipo anaika aphunzitsi odziwa ntchito mu Sitandade 1 ndi 2, m'malo mowasungira kalasi ya mayeso yokha monga zimachitikira kwina. Phala limaphikidwa pa nthawi yake, ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti m'miyezi ya njala kapu ya phala ndiyo imadzutsa mwana kuti apite kusukulu. Amayi a Mother Group amayendera makomo a atsikana amene ayamba kujomba. Mjigo ulipo, koma zimbudzi ndi zochepa kwambiri, ndipo buku limodzi amagwiritsa ntchito ana angapo.

Mlendo akalowa mu Sitandade 8 angaganize kuti zinthu zili bwino, popeza ana ndi ochepa, amakhala pamadesiki, mphunzitsi amadziwa aliyense ndi dzina, ndipo amachonga makope onse pokonzekera mayeso a MANEB. Ine kuchepa kumeneku sikundisangalatsa konse. Ana amene akusowa m'kalasimo ndi omwe aja anadzaza Sitandade 1 zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Ena anabwereza kalasi kawiri kapena katatu chifukwa sanadziwe kuwerenga, mpaka anachita manyazi kukhala pakati pa ana aang'ono. Ena anapita kubusa kukaweta ng'ombe ndi mbuzi, ena kuganyu m'minda ya thonje, ndipo atsikana ena anakwatiwa ngakhale malamulo a dziko lino amaletsa ukwati munthu asanakwanitse zaka 18. Obwerezawo ndiwo amawonjezeranso khamu m'makalasi aang'ono, motero kuchuluka kwa pansi ndi kuchepa kwa pamwamba ndi vuto limodzi.

Madzi osefukira nawo amasokoneza chiwerengero. Zinachitika mu Januwale 2015, zinabwerezanso ndi namondwe wa Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023: mtsinje wa Shire ukasefukira, mabanja amathawira kusukulu za kumtunda ngati yathuyi, zipinda zimasanduka misasa, maphunziro amaima, ndipo ana ena obwera ndi madziwo amakhaliratu pompano popanda kuwonjezera mphunzitsi kapena chipinda.

Kwa kholo lofuna kulembetsa mwana, ndikulangiza kuti lichite zimenezi mwana akangokwanitsa zaka 6 osachedwa, lizitsegula kope lake madzulo aliwonse kuona ngati lachongedwa, ndipo likaona kuti pofika Sitandade 2 sakutha kuphatikiza maphatikizo, lipite likakambirane ndi aphunzitsi ake nthawi yomweyo. Kwa a komiti ya sukulu, pempho langa ndi lakuti njerwa zimene tikuumba chaka chino zimangire Sitandade 1 ndi 2 poyamba, ofesi idikire.