Cabernet Sauvignon kapena Pinot Noir: uti wa patebulo la madzulo?

Mukakumana okonda vinyo kuti mulawe pa chakudya chamadzulo, awiriwa sasowa. Cabernet Sauvignon kwawo ndi ku Bordeaux, m'dziko la France. Pinot Noir ndi wa ku Burgundy, ku France komweko.

Kusiyana kwawo kumayambira pa khungu la mphesa. La Cabernet ndi lokhuthala, n'chifukwa chake vinyo wake ndi wakuda bii ndipo amaumitsa m'kamwa. La Pinot ndi lopyapyala. Mukapendeketsa tambula ya vinyo wake pansalu yoyera, zala zanu zimaoneka kuseri kwake.

Mtengo: Cabernet wabwino amapezeka pamtengo wofikirika. Pinot ndi wovuta kulima, ndiye wotchipa nthawi zambiri amakhumudwitsa.
Kusunga: Cabernet wabwino amapirira zaka 10 kapena kuposa. Pinot wamba musamusunge nthawi yaitali.
Kuzizira: Cabernet pa madigiri 16 mpaka 18, Pinot pa 13 mpaka 15.

Yambani ndi Pinot. Ine ndinalakwitsapo poyamba ndi Cabernet, fungo lonse la Pinot linazimiririka.

Ngati patebulo pali nyama ya ng'ombe yonona, tengani Cabernet, mumutsegule ola limodzi musanadye. Wokonda bakha, bowa kapena nsomba ya salmon, Pinot ndiye wanu.