Ndemanga pa chithunzi chakale cha sewero la kabuki chojambulidwa ndi Kunisada

Chithunzi chimene ndinagula chikuonetsa sewero la kabuki, mtundu wa zisudzo zachikhalidwe za ku Japan, ndipo ndi cha mapepala atatu oyalidwa mogundizana, chodindidwa ndi matabwa osema mumzinda wa Edo, umene kuyambira mu 1868 umatchedwa Tokyo. Anachijambula ndi Utagawa Kunisada, amene anabadwa mu 1786 n'kumwalira mu 1865. Ndinachipeza pa intaneti kwa wogulitsa zithunzi zakale wa ku Tokyo komweko, ndipo ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, chifukwa chithunzicho n'chenicheni ndiponso chogwira mtima, koma pali chinthu chimodzi chimene wogulitsayo anayenera kunena poyera ndipo sananene.

Katunduyo anafika bwino. Pepala lililonse linali lokutidwa palokha, lopanikizidwa pakati pa makatoni olimba, ndipo palibe ngodya imene inapindika panjira.

Chimene ndinafuna kutsimikiza poyamba ndi msinkhu wa chithunzichi, popeza pamsika pali zambiri zodindidwa m'zaka za m'ma 1900 potengera zakale. Siginecha yake ndi ya dzina la Toyokuni, limene Kunisada anayamba kugwiritsa ntchito mu 1844 polowa dzina la mphunzitsi wake. Pafupi ndi siginechayo pali zidindo ziwiri za oyendera zofalitsa a boma la nthawiyo: china chozungulira chotchedwa aratame, china chosonyeza chaka cha njoka (pakalendala yakale ya ku Japan zaka zinkatchedwa ndi maina a nyama) ndi mwezi wake. Zidindo ziwirizi zikapezeka pamodzi motere zimalozera ku 1857, ndipo zimenezi zikugwirizana ndi zimene wogulitsa analemba. Ndikatembenuza pepala ndimaona utoto utalowerera mpaka kuseri, komanso mizere yozungulira yosiyidwa ndi baren, chida chathyathyathya chimene wodinda ankatikitira nacho pepala pathabwa. Makina sasiya zipsera zotere. Pepala lililonse ndi la kukula kotchedwa oban, pafupifupi masentimita 39 m'litali ndi 26 m'lifupi, lopangidwa ndi khungwa la mtengo wa kozo, ndipo ngakhale lakalamba likadali lofewa ndi lolimba m'manja.

Pachithunzipa pali anthu atatu a sewero, aliyense papepala lake. Wapakati waima mouma, maso atatong'oka, khosi litapotoka, monga amachitira ochita kabuki sewero likafika pachimake, kaimidwe kamene amakatcha mie. Kumanzere kuli mkazi wovala mkanjo wa ku Japan wotchedwa kimono wokhala ndi maluwa, ngakhale amene ankachita mbali imeneyi anali mwamuna, pakuti akazi analetsedwa kukwera pansanja ya kabuki mu 1629. Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti pamapepala onse atatu palembedwa maina a anthu a m'nkhani okha, popanda dzina la wochita sewero ngakhale mmodzi. Mu 1842 boma linaletsa zithunzi za ochita zisudzo, ndipo chiletsocho chitayamba kufooka ojambula anabwerera kuntchito yawo mochenjera, akusiya maina koma akujambula mphuno, chibwano ndi chizindikiro cha banja pachovala mwaluso moti anthu a ku Edo ankazindikira okha kuti ameneyu ndi uje. Munthu akagwira pepala lotere amakhala akugwira umboni wa mmene anthu wamba ankazembera lamulo kuti asunge nkhope za anthu amene ankawakonda.

Luso la wosema ndi wodinda likuoneka bwino munthu akayang'anitsitsa. Tsitsi la pamphumi linasemedwa limodzilimodzi pathabwa, utoto wa kumwamba ukuchoka pakuda kunka kukuyera popanda malire ooneka, ndipo pakolala yoyera ya chovala pali maluwa otumphuka amene anadindidwa popanda utoto, oonekera pokhapokha kuwala kukachokera m'mbali. Maina a amisiri ambiri otere sakumbukidwa ngati la wojambula, koma theka la kukongola kumeneku ndi ntchito ya manja awo.

Dandaulo langa lili papepala la kumanja. Pazithunzi za pa intaneti mapepala atatuwa ankaoneka ofanana mtundu, koma nditawayala patebulo ndinaona kuti la kumanja ndi losuluka kuposa anzake: chofiirira cha pachovala chasanduka chotuwa, ndipo mtundu wofiira wopangidwa ndi maluwa a beni, umene sulimba padzuwa, watsala pang'ono kutheratu. Mizere yakuda ya papepalali ndi yokhuthala ndiponso yoduka m'malo ena, zomwe zimasonyeza kuti linadindidwa thabwa litayamba kutha. Ndikuona kuti pepalali linachokera kwina n'kuphatikizidwa ndi awiriwo kuti chithunzi chikwane. Kuchita zimenezi si chinyengo pakokha, ndipo ogulitsa ambiri amatero, koma wogula ayenera kuuzidwa asanalipire. Zolakwika zina, monga timabowo ta njenjete m'munsi, m'mphepete modulidwa pang'ono ndi pepala lopyapyala lomatidwa kuseri kuchokera pamene chithunzichi chinkasungidwa m'buku, zinalembedwa momveka bwino, choncho sindikudandaula nazo.

Nditalemba kalata yofunsa, wogulitsa anayankha mwaulemu, anavomera kuti mapepalawo sanadindidwe nthawi imodzi, ndipo anandipatsa mwayi wobweza katunduyo kapena kulandira gawo la ndalama zanga. Ndinasankha kuchisunga. Zithunzi za Kunisada sizidula ngati za Sharaku, amene anajambula kwa miyezi pafupifupi khumi yokha mu 1794 ndi 1795, chifukwa Kunisada anatulutsa zithunzi zikwizikwi m'moyo wake wautali, ndipo mtengo umene ndinatsala nawo nditabwezeredwa ndalamazo ndi woyenera.

Amene akufuna kugula kwa wogulitsa ngati ameneyu apemphe chithunzi cha mapepala onse atayalidwa pamodzi pakuwala kumodzi, ndiponso cha kuseri kwa pepala lililonse, asanatumize ndalama. Changa sindinachipachike pakhoma. Ndimachisunga chogoneka m'bokosi louma pakati pa mapepala opanda asidi, chifukwa dzuwa lingamalize mtundu wofiira umene watsalawo, ndipo chinyezi cha m'nyengo ya mvula chingabweretse chuku papepala.