Ulendo wa tsiku limodzi ku Kalaupapa: ndalama sizinapite pachabe, koma kumanda anatithamangitsa

Ku Kalaupapa sumangodzuka n'kupita ngati kumsika. Ndi kadera kotulukira m'nyanja kumpoto kwa chilumba cha Molokai ku Hawaii, ndipo kumbuyo kwake kuli maphompho ataliatali moti palibe msewu wa galimoto wotsikirako. Kale n'komwe boma linkatsekera odwala khate. Pamafunika chilolezo cha nthambi ya zaumoyo ya boma la Hawaii, ana osakwana zaka 16 saloledwa, ndipo alendo sapitirira 100 patsiku. Choncho mlendo amadalira okonza maulendo, omwe amakupezera chilolezocho, kukuchingamira pabwalo la ndege, n'kukuyendetsa pa basi. Ndikufuna ndinenepo za ntchito yawoyi.

Mbali ya makonzedwe ndilibe nayo dandaulo. Anatiuziratu kuti titenge chakudya ndi madzi athu, chifukwa sitolo ya kumeneko ndi ya okhala komweko, ndipo katundu wolemera amabwera pa sitima kamodzi pachaka. Anatichenjezanso kuti tisajambule wokhalako aliyense popanda chilolezo chake. Lamulo limeneli ndinalikonda kwambiri, popeza pamudzipa padakali okalamba ochepa omwe anadwalapo khate, anachira kalekale, ndipo anasankha okha kutsala. Ndi kwawo, si malo achionetsero.

Bambo amene ankatiperekeza ndiwo anapangitsa tsikulo kukhala laphindu. Sankathamanga polankhula. Anayambira mu 1865, pamene Mfumu Kamehameha V inavomereza lamulo lopatula odwala khate, n'kutifotokozera za anthu 12 oyamba omwe anatumizidwa ku Kalawao, komwe kunali mudzi woyamba wa odwala, mu Januwale 1866. Kufikira 1969, pamene lamulolo linathetsedwa, anthu pafupifupi 8,000 anali atatumizidwa kuno, ambiri mwa iwo eni nthaka a ku Hawaii. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti mankhwala ochiritsa anafika mu 1946, komabe anthu anakhala otsekeredwa zaka zina zoposa 20. Anatikumbutsanso kuti khate silifala msanga monga ankaopera, ndipo anthu ambiri matupi awo amalikana okha.

Ku Kalawao, mbali ya kum'mawa, kuli mphepo ndi chinyezi, ndipo dzuwa limabisika msanga kuseri kwa maphompho. Ukaima pamenepo umamvetsa chifukwa chake mudzi unasamukira ku Kalaupapa pambuyo pake. M'tchalitchi cha St. Philomena anatiuza kuti tiyang'ane pansi, pafupi ndi mabenchi. Pali timabowo tating'ono tobooledwa m'matabwa. Akuti Bambo Damien, wansembe wa Katolika amene ankatumikira odwala kuno, anatiboola kuti odwala amene ankavutika ndi malovu azilavuliramo, asamachite kutuluka Misa ili mkati. Ndinagwada n'kukhudza m'mphepete mwa kabowo kamodzi. Pa zonse zimene ndinamva za wansembeyu, kuti anachokera ku Belgium, anafika mu 1873, anatenga matendawa n'kumwalira mu 1889, palibe chinandifika pamtima ngati timabowo timeneti. Munthu anaona vuto lochititsa manyazi la anzake n'kulithetsa ndi chida cha ukalipentala. Manda ake ali pambali pa tchalitchicho, ngakhale thupi linatengedwa kupita ku Belgium mu 1936. Mafupa a dzanja lake lamanja okha ndiwo anabwezedwa mu 1995.

Tinaimanso pa Bishop Home, pomwe Mayi Marianne Cope, sisitere wa Katolika, ankasamalira amayi ndi atsikana kuyambira 1888 mpaka imfa yawo mu 1918. Pamenepo tinakhalitsa, ndipo mpake.

Apa ndiye pali dandaulo langa. Nthawi yambiri inathera pa oyera awiriwa, Bambo Damien ndi Mayi Marianne, pamene manda a ku Papaloa, omwe andanda m'mbali mwa msewu wochokera ku bwalo la ndege, tinangowadutsa. Basi inaima pang'ono, tisanawerenge n'komwe mayina angapo anatiitana kuti tikwere. Komatu eni nkhani ndi amenewa. Miyala ina yalembedwa m'Chihawaii, ina m'Chitchaina, ina m'Chijapani, ndipo ambiri mwa anthu 8,000 aja alibe ngakhale mwala wosonyeza pomwe anagona. Nkhani ya makanda obadwira kuno, omwe ankalandidwa kwa amayi awo n'kutumizidwa kwa achibale kapena kumalo olerera ana amasiye, inatuluka pokhapokha mayi wina m'gulu lathu atafunsa. Chimodzimodzinso ya amuna ndi akazi athanzi omwe anakana kusiyana ndi okondedwa awo n'kutsagana nawo kudzawadwazika. Wotiperekezayo ankazidziwa bwino zonsezi, ndipo atayamba kufotokoza mawu ake anasintha. Vuto ndi ndondomeko ya tsikulo, imene imawerengera nthawi ya ndege yobwerera.

Ulendowu ndi wodula, makamaka ukaphatikiza ndege, ndipo kandegeko n'kakang'ono, kamagwedezeka kukakhala mphepo. Basi nayo si yawofuwofu. Komabe ndikulimbikitsa aliyense amene angakwanitse kuti apite. Lembetsani msanga chifukwa malo ndi ochepa, funsiranitu ngati alendo akuloledwa nyengo imeneyo popeza nthawi zina amatseka, tengani chovala cha mvula, ndipo basi isananyamuke pemphani wokuperekezani kuti akupatseni mphindi zokwanira ku Papaloa.